Mmene mungathanirane ndi kusungulumwa mukatsekeredwa m'nyumba nthawi ya mliri

Ine ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino sabata yachitatu ya m'bindikiro. Foni inalira, nambala yachilendo, ndinati ndiyankhe kuti halo koma mawu osatuluka, kunangotuluka kaphokoso kosasa ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinatsokomola nkuyesanso. Munthuyo anali atalakwitsa nambala, anapepesa nkudula, ine nkutsala ndili chigwirire foni ndikuwerenga zala kuti kodi ndinalankhula liti komaliza ndi pakamwa pangapa. Masiku atatu. Mameseji ndinkalemba inde, masitetasi ndinkaonera onse mpaka a anthu oti sindikukumbuka kuti nambala zawo ndinazitenga kuti, koma kutsegula pakamwa kulankhula ndi munthu, masiku atatu athunthu ayi. Chochititsa manyazi nchoti mumtima ndinkalakalaka munthu wolakwitsa nambala uja akanachedwako pang'ono kudula.

Nde zomwe ndikulemba apazi ndi zomwe ndinayamba kuchita kuchokera tsiku limenelo, zina ndinazidziwa mochita kuphunthwa nazo, zina ndi zomwe akatswiri anapeza. Chinthu chimodzi ndinene poyambirira: musamati ndingopirira, izi zitha pompano. M'bindikiro sunena tsiku lomwe uthere. Anthu a ku Wuhan ku China atatsekeredwa pa 23 Januwale 2020 anakhala masiku 76, a ku Melbourne ku Australia anatsekeredwa maulendo 6 ndipo masiku onse pamodzi anakwana 262. WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, inalengeza kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse pa 11 Malichi 2020, koma kudzanena kuti ngozi yaikulu ija yadutsa munali mu Meyi 2023. Mtima sungapirire nthawi yonseyo uli chidikirire, pamafunika dongosolo.

Choyamba, dziwani chomwe chakugwirani

Kukhala wekha, kuboweka ndi kusungulumwa ndi zinthu zitatu zosiyana ngakhale zimabwera zitagwirana manja. Kuboweka ndi kusowa chochita, mankhwala ake ndi ntchito. Kukhala wekha ndi kungoti mnyumbamo mulibe wina, ndipo ena zimawakomera. Kusungulumwa ndi pomwe macheza omwe uli nawo akuchepera omwe mtima ukufuna, nchifukwa chake munthu atha kusungulumwa ali m'nyumba ya anthu 8, wina ali yekhayekha koma osamva kanthu. Ndikunena izi chifukwa ambiri timalakwitsa mankhwala, tasungulumwa koma tikuonera mafilimu mpaka mbandakucha, filimu ikatha kamtima kaja kali pompo.

Katswiri wina wa ku University of Chicago, John Cacioppo, anathera zaka zambiri akufufuza nkhani imeneyi ndipo ankaifanizira ndi njala kapena ludzu, kuti ndi belu lomwe thupi limaliza likasowa anthu. Pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2020, ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anatenga anthu 40, tsiku lina kuwasalitsa chakudya maola 10, tsiku lina kuwatsekera okha maola 10 opanda foni, kenako nkuunika ubongo wawo. Anapeza kuti mbali ya ubongo yomwe imatakasuka wanjala akaona chithunzi cha chakudya imatakasukanso wotsekeredwa uja akaona chithunzi cha anthu akucheza. Nde musachite nazo manyazi, palibe amene amachita manyazi kuti wamva njala.

Koma njala imeneyi ili ndi khalidwe loipa lomwe njala ya m'mimba ilibe: imanama. Cacioppo yemweyo anaona kuti munthu akasungulumwa nthawi yaitali ubongo umakhala tcheru mopitirira, umayamba kuona kukanidwa ponseponse. Ine zinandichitikira, ndinatumizira mnzanga meseji m'mawa, matiki awiri a buluu aja anaoneka, iye ali online, osayankha. Pofika masana ndinali nditaweruza kale mlandu mmutu mwanga kuti ameneyu ubwenzi wathu sunali weniweni, ndinakumbukiranso zinazake za zaka zitatu zapitazo zoti zinatha kalekale. Madzulo anaimba, kani mwana wake anatentha thupi tsiku lonse ndipo foni inali m'manja mwa mwana wina akuseweretsa. Nde sitepe yoyamba ndi yomweyi, mukamva kamawu kakuti palibe amene akukufuna, usawavutitse anthu, dziwani kuti ndi kusungulumwako kukulankhula, musakakhulupirire msanga.

Chachiwiri, tengani pepala mulembe maina

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, zina zonse ndi zothandizira chabe. Tengani pepala ndi cholembera, osati mu foni chifukwa mukatsegula foni mupezeka muli pa Facebook, lembani anthu omwe mungalankhule nawo. Musasankhe kwambiri. Abale, anzanu a kuntchito, amene munaphunzira naye kalekale, neba wakale, aliyense yemwe mukamva mawu ake simutopa. Mukapeza 7 ndi bwino chifukwa ndi mmodzi pa tsiku, mukapeza atatu palibe vuto, muziwazungulira omwewo.

Mukatero ikani tsiku ndi nthawi pa dzina lililonse, ndipo muwauze eni akewo. Osangoti tizichezako nthawi zina, mawu amenewo sabala kanthu, aliyense amavomera koma palibe amaimba. Nenani kuti, "Aise, Lachitatu lililonse 7 koloko madzulo ndizikuimbira, mphindi 15 basi, zitheka?" Kwa akuluakulu mukudziwa kale kalankhulidwe kake: "Amayi, ndiziimba Lamlungu lililonse masana, foni muziisunga pafupi." Ubwino wa pangano ndi woti silidikira kuti mukhale ndi chilakolako choimba. Tsiku lomwe mwasungulumwa kwambiri ndi lomwenso simufuna kulankhula ndi munthu, mumangofuna kufunda bulangete kumutu, nde ngati kuimba kukudalira mmene mukumvera simudzaimba. Koma mukadziwa kuti wina akudikira 7 koloko mumadzikoka basi. Chinanso tsiku limakhala ndi poyang'ana, kuyambira m'mawa mumadziwa kuti madzulo kuli zakuti.

Yambani ndinu. Ndikudziwa pali kamtima kaja koti bwanji nthawi zonse ndimayamba ndine, nayenso ali ndi foni. Zoona, koma nayenso ali mnyumba mwake akuganiza chimodzimodzi za inu, nonse awiri muli chiyang'anire mafoni ngati anthu okwiyitsana pomwe palibe analakwira mnzake. Zowerengerana kuti waimba kangati muzidzachita mliri ukatha.

Ndipo muziimba ndi mawu, osati kungolemba. Meseji ndi yabwino pofunsa zinthu koma siikhutitsa, ili ngati kununkhiza chakudya. Mawu a munthu ali ndi kupuma, kuseka, kakachetechete kaja koti onse mwasowa chonena kenako nkuphulika kuseka limodzi, zimenezo emoji singakupatseni. Mu 2020 ku Texas ku America ofufuza anayesa ndi anthu 240, ambiri mwa iwo okalamba otsekeredwa m'nyumba. Ena mwa iwo ankaimbiridwa foni ndi achinyamata wamba, osati madokotala, omwe anangophunzitsidwa pang'ono kumvetsera bwino, foni iliyonse pafupifupi mphindi 10, kwa masabata 4. Pamapeto pake omwe ankaimbiridwawo kusungulumwa, nkhawa ndi kukhumudwa zinatsika poyerekeza ndi anzawo osaimbiridwa. Mphindi 10 zokha abale. Nde musamaganize kuti pakufunika macheza a maola awiri.

Ngati mayunitsi kapena bandulo ikuvuta, mavoisi noti amathandiza, sadya data yambiri ndipo munthu amamvera nthawi yake. Gwirizanani zosinthana, sabata ino ndiimba ine, ya mawa iwe. Za vidiyo kolo ndili nazo ndi maganizo awiri. Kuona nkhope ya munthu nkokoma makamaka ana ndi makolo, koma imatopetsa, umakhala ukudziyang'ana wekha pa kabokosi kaja nkumakonza tsitsi, netiweki ikadukaduka mumangokhalira "mukundimva? mwaima, mwaima" mpaka macheza kutha mphamvu. Magulu aakulu ndiye ayi, WhatsApp itakweza chiwerengero cha anthu pa kolo imodzi kuchoka pa 4 kufika pa 8 mu Epulo 2020 tinayesa ndi anzanga, awiri olongolola analanda bwalo enafe tinangokhala oonerera, ndinatseka foni ndili wosungulumwa kuposa poyamba. Munthu mmodzi kapena awiri ndi bwino.

Vuto lomwe lidzabwere sabata yachiwiri ndi kusowa nkhani. Aliyense ali mnyumba, palibe chachitika, mukafunsana kuti zikuyenda bwanji yankho ndi "tilipo, kaya inu" basi nkhani yathera pompo, kapena mumayamba kuwerengerana anthu omwe amwalira mpaka nonse mitima kugwa. Njira yake ndi kukhala ndi chochitira limodzi. Gwirizanani kuonera filimu imodzi aliyense kwake kenako muikambirane. Werengani buku limodzi mutu umodzi patsiku. Sewerani gemu ya pa foni ya anthu awiri. Ngati ndinu opemphera pempherani limodzi pa foni. Kapena ingoikani foni pa laudi, inu mukuchapa mbale iye akusita zovala, osakakamizana kulankhula, kumangomva kuti kwinaku kuli munthu akukhosomola ndi kugwetsa masipuni. Zimaoneka zopusa koma ndi zomwe timasowa kwenikweni, kukhala ndi munthu popanda chifukwa.

Ine chomwe chinandipulumutsa ndi agogo anga. Ndinkawaimbira Loweruka ndipo masabata oyamba inali moni ndi madandaulo a miyendo basi. Tsiku lina ndinangoti, "Agogo, kodi agogo aamuna munakumana nawo bwanji?" Kunali zii kwa kanthawi, ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako anaseka kuseka koti sindinakumvepo chibadwire, nkuti, "Iwe mwana iwe, wafunsiranji zimenezo?" Analankhula mphindi 40, foni yanga mpaka kutentha khutu, ndinachita kuilumikiza ku chaja ndili chiimire pakona chifukwa chingwe ndi chachifupi. Loweruka lotsatira anayamba okha: "Paja tinalekezera pati?" Akuluakulu ali ndi nkhani zambiri zoti palibe anawafunsapo, ndipo iwowo ndi omwe mliri ngati COVID-19 umawatsekera kwambiri chifukwa ndi omwe ali pa ngozi yaikulu. Funsani mafunso otere, olo kwa mnzanu wa msinkhu wanu, mudzadabwa kuti simumamudziwa.

Chachitatu, tsiku likhale ndi mutu ndi miyendo

Munthu ukakhala wekha masiku amasungunuka, Lachiwiri ndi Loweruka osasiyana, umagona 3 koloko usiku kudzuka 11, kudya pomwe wakumbukira. Zikatero kusungulumwa kumakula chifukwa tulo tikasokonekera mtima umachepa, kanthu kakang'ono kamaoneka phiri. Scott Kelly, yemwe anakhala masiku 340 pa siteshoni ya mumlengalenga kuyambira 2015 mpaka 2016, atafunsidwa nzeru nthawi ya mliri chimodzi mwa zomwe anatsindika ndi kutsatira ndandanda. Kumeneko siteshoni imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse, dzuwa limatuluka ka 16 pa tsiku, nde popanda ndandanda munthu sangadziwe kuti agone liti. Ifeyo dzuwa limatuluka kamodzi koma tikatseka makatani tsiku lonse tili ngati omwewo.

Simukufunika ndandanda ya ola ndi ola ngati ya kusukulu, imeneyo mudzaisiya pa tsiku lachitatu nkuyamba kudziimba mlandu. Khomani misomali inayi yokha: nthawi yodzuka, nthawi yodya, nthawi ya foni ija, nthawi yogona. Tcherani alamu nthawi imodzimodzi tsiku lililonse olo palibe kopita. Mukadzuka tsegulani makatani ndi mawindo, khalani pomwe pali kuwala kwa dzuwa mphindi zingapo, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndi komwe kumauza wotchi ya mthupi kuti kwacha, ndipo ndi komwe kumathandiza kuti madzulo tulo tibwere nthawi yake. Yalani bedi. Sambani, valani zovala zoti munthu atagogoda simungathawire kuchipinda. Ndikudziwa wina ati ndivalire ndani, valirani inu nomwe, zovala zogonera tsiku lonse zimauza thupi kuti mukudwala. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 mpaka 9, ndipo bedi likhale logonapo basi, osati ofesi, podyera ndi poonera mafilimu pomwepo.

Loweruka ndi Lamlungu muzizisiyanitsa ndi masiku ena mwadala, kaya ndi kuphika chapadera, kaya kuchapa ndi kukolopa nyimbo zili pamwamba, bola sabata izioneka kuti ili ndi pothera.

Chachinayi, gwedezani thupi

Apa sinditalikitsa. WHO imalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kugawa ndi mphindi 30 masiku asanu. Ngati malamulo a komwe muli akulola kutuluka kukayenda, tulukani tsiku lililonse, masiki kukamwa, motalikirana ndi anthu. Ngati sakulola, kulumpha chingwe, mapushapu, kukwera ndi kutsika masitepe, kuvina nyimbo zisanu motsatizana chitseko chili chotseka, zonsezo ndi zomwezo. Sizichotsa kusungulumwa koma zimatsitsa nkhawa ndipo usiku mumagona. Ine ndinkayenda uku ndi uku mchipinda nthawi yomwe ndili pa foni, osakhala pansi mpaka kolo ithe.

Chachisanu, foni yomweyo ikhoza kukudyani

Chida chomwe chikukulumikizani ndi anthu ndi chomwenso chingakumalizeni. Pali kusiyana pakati pa kulankhula ndi munthu ndi kusuzumira anthu. Kumangotsitsa chala pa Facebook, Instagram kapena TikTok maola atatu ndi kusuzumira pawindo la eni, mumaona banja likusewera limodzi, wina waphunzira luso latsopano, wina akuonetsa minofu, inu muli gone ndi mbale zadzulo, nde mumadziona ngati ndinu nokha amene zikukukanikani. Musaiwale, anthu amaika mphindi imodzi yabwino pa maola 24. Lamulo lomwe ndinadziikira ndi loti ndikatsegula ndilembere munthu, kaya ndi komenti yeniyeni kaya inbox, ndikaona kuti ndangoyamba kutsetsereka osalankhula ndi aliyense ndituluke.

Nkhani za mliri muziona kamodzi kapena kawiri pa tsiku, nthawi yoikika, kuchokera ku unduna wa zaumoyo wa dziko lanu, WHO kapena nyumba zoulutsa mawu zodalirika, ndipo osati musanagone. Manambala a odwala sasintha chifukwa choti mwawayang'ana ka 20. Mu Febuluwale 2020 mkulu wa WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, anachenjeza kuti pambali pa mliri wa matenda palinso mliri wa nkhani zabodza, ndipo mu Epulo chaka chomwecho WhatsApp inachita kuika malire kuti meseji yomwe yazungulira kwambiri izitumizidwa kwa munthu kapena gulupu imodzi pa nthawi. Gulupu iliyonse ili ndi munthu wake uja wotumiza mavoisi noti a "dokotala wina wake" ndi zithunzi za maliro 5 koloko m'mawa. Simukufunika kukangana naye kapena kutuluka mu gulupu anthu nkuyamba kukufunsani, ingoikani pa mute muzitsegula pomwe mwafuna.

Chachisanu ndi chimodzi, anthu omwe ali pafupi

Akuluakulu anati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo m'bindikiro sunafafanize mawu amenewo, unangotalikitsa mtunda pakati pa awiriwo. Nchifukwa chake WHO inasintha kalankhulidwe mu Malichi 2020, kuyamba kunena za kutalikirana matupi osati kutalikirana pa ubale. Ku Italy dziko lonse litatsekedwa mwezi womwewo anthu ankatuluka pa makonde a nyumba zawo zosanja nkumaimba limodzi, aliyense ali kwake. Simukufunika kuimba, koma moni wa pawindo kapena pa mpanda, mutatalikirana mamita awiri, ndi macheza ndithu. Timacheza ting'onoting'ono timeneti, ndi neba, ndi wogulitsa mu shopu, ndi wobweretsa katundu, sitimatiwerengera masiku abwino koma tikasowa ndi pomwe umadziwa kuti timadzaza tsiku. Mukatuluka kukagula zofunika chotsani mahedifoni, perekani moni, funsani munthuyo kuti ntchito ikuyenda bwanji.

Fufuzaninso ngati malamulo a kwanuko akulola nyumba ziwiri kuphatikizana. Ku England kuyambira Juni 2020 munthu wokhala yekha ankaloledwa kusankha nyumba imodzi yoti aziyenderana nayo ngati banja limodzi, ku New Zealand nakonso kunali dongosolo lofanana nalo. Ngati kwanu zilipo gwiritsani ntchito, koma nyumba imodzi ikhale imodzi, osati lero uku mawa uko, apo ndiye mukungoyendetsa kachilombo.

Ndipo pezani woti mumuthandize. Izi ndinazipeza mwangozi, pafupi ndi pomwe ndinkakhala panali bambo wina wachikulire wokhala yekha, ndinalowetsa kapepala pansi pa chitseko chawo kuti ndikamapita kogula zinthu atha kundituma, nambala yanga nayi. Anaimba patatha masiku awiri, "Mwanawe, ndiwe walemba kalatayi?" Kuyambira pamenepo ndinkawasiyira jumbo pakhomo, kugogoda, kubwerera mmbuyo masitepe angapo, iwo nkutsegula, timacheza mphindi zisanu ali pakhomo ine ndili patali. Ndinkaganiza kuti ndikuwathandiza iwowo, koma kunena zoona tsiku logula zinthu ndi lomwe ndinkadzuka alamu isanalire. Kusungulumwa kumakupangitsa kumangodziyang'ana wekha, kodi amandikonda, kodi andikumbuka, nde ukakhala ndi wina wokudalira maso amachoka pa iwe mwini.

Chachisanu ndi chiwiri, manja apeze chogwira

Chilichonse chomwe chimaoneka kuti chikukula tsiku ndi tsiku: kudzala kambewu mu chitini pawindo, kusoka, kujambula, kukonza wailesi yakufa ija, kuphunzira chilankhulo, kulemba mu kope zomwe zachitika ndi zomwe mukumva. Chimodzi chokha, ndipo musachisandutse mpikisano. Simuli pa tchuthi, muli pa mliri, mukatuluka osaphunzira kalikonse palibe mlandu. Wailesi yolankhula anthu imathandizanso kuti mnyumba musakhale zii, ndipo kudzilankhula wekha mokweza si misala ayi, ine ndinayamba dala pambuyo pa tsiku la chitseko cha dzimbiri lija.

Madzulo ndi usiku muzikonzekere padera

Aliyense ali ndi ola lake loipa. Langa linali dzuwa likamalowa, nthawi yomwe kale ndinkakhala pa njira kuchokera kuntchito, ena ndi pakati pa usiku, ena Lamlungu masana. Dziyang'anireni masiku atatu mudzalipeza, mukalipeza ikani foni ya pangano ija pa ola limenelo kapena pafupi nalo. Lembaninso kapepala ka zinthu zitatu zochita likafika, mwachitsanzo kusamba madzi otentha, kutumiza voisi noti kwa wakuti, kutuluka pakhonde mphindi 10, mukamate pakhoma, chifukwa nthawi imeneyo mutu suganiza, umafuna kungouzidwa.

Samalani ndi zotonthoza zabodza. Mowa umaoneka ngati mnzako madzulo koma umasokoneza tulo ndipo m'mawa nkhawa imabwera itawirikiza, komanso pakakhala palibe wokuona botolo limodzi limasanduka anayi osadziwa. Kubetcha pa foni chimodzimodzi. Kulembera chibwenzi chakale chomwe munasiyana pa zifukwa zomveka, 1 koloko usiku, dikirani kuche kaye muone ngati mukufunabe. Chenjeraninso ndi anthu osawadziwa a pa intaneti omwe amakukondani msangamsanga kenako nkuyamba nkhani za ndalama, akuba amadziwa kuti munthu wosungulumwa savuta kumunyengerera.

Nanga ngati mnyumba muli anthu koma mukusungulumwabe

Zimachitika kwambiri, aliyense pa kona yake ndi foni yake, kapena mwatopetsana mpaka kupuma kwa mnzako kukukunyansa. Gwirizanani chakudya chimodzi pa tsiku chodyera limodzi mafoni ali kutali, komanso gwirizanani nthawi yoti aliyense akhale payekha osafunsidwa kuti wakwiya chani. Ndipo pitirizani kuimbira anthu a kunja, mwamuna kapena mkazi wanu sangakhale zonse, mnzanu, m'bale, mlangizi ndi woseka naye, amatopa. Koma ngati mnyumbamo muli nkhanza, kumenyedwa kapena kuopsezedwa, imeneyo si nkhani ya kupirirana. Mu Epulo 2020 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anachenjeza kuti nkhanza za m'banja zakwera koopsa nthawi ya m'bindikiro. Uzani munthu yemwe mumamudalira, gwirizanani liwu lachinsinsi loti mukalitumiza adziwe kuti zavuta, sungani nambala za apolisi ndi mabungwe othandiza a m'dera lanu.

Pomwe pafunika thandizo loposa la anzanu

WHO inanena mu Malichi 2022 kuti chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti pa dziko lonse, nde ngati zakupitirirani simuli nokha ndipo si kufooka. Kusungulumwa wamba kumapepuka mukacheza ndi munthu. Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa muli okhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe munkazikonda sizikukomanso, tulo tasowa kapena mukungogona, chakudya sichikulowa, kusamba kwasanduka ntchito yaikulu, mukudziona wopanda pake, pamenepo lankhulani ndi achipatala kapena alangizi a zamaganizo. Ambiri nthawi ya mliri amathandiza pa foni, ndipo kupita kuchipatala ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe malamulo a m'bindikiro amalola munthu kutuluka. Ngati mwayamba kuganiza zodzivulaza kapena kudzipha musadikire masabata awiriwo, imbani lero lomwe kwa munthu wapafupi ndi ku nambala ya zangozi ya dziko lanu, mumuuze mosazungulira, ndipo mankhwala kapena chilichonse choopsa chichoke pafupi nanu.

Mbali inayo, inunso ndinu dzina pa pepala la munthu wina. Mnzanu akati "ndili bhobho" ndi mawu ofooka funsaninso kachiwiri, "ayi, zoona zake uli bwanji?" kenako khalani chete mumulole alankhule, osathamangira kumuuza kuti ena zawo ndi zoipa kuposa zake. Ngati mukumukayikira mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizowo mmutu, nthawi zambiri kumamumasula. Ndipo pa pangano lanu lija onjezerani kamfundo aka kuyambira tsiku loyamba: aliyense apereke nambala ya munthu wina wokhala pafupi naye, neba kapena m'bale. Akapanda kuyankha pa nthawi yomwe munagwirizana tumizani meseji, akapanda kuyankhanso mawa lake imbirani munthu wapafupiyo apite akagogode.